Manja M'thumba

Tinalipo anayi otola zigoba za m'nyanja, ndipo mwa anayiwo amene ndinkamukhulupirira anali mmodzi, ineyo. Enawo anali Wometa, Telala ndi a Namwino. A Namwino okha ndimawatchula mwaulemu chifukwa anandibayapo jakisoni ndipo ndikudziwa zimene angathe kuchita. Ine ankanditcha Nkhanu. Pamaso panga ankati n'chifukwa choti ndimayenda chammbali, msana umene ndinauthyolera padoko ponyamula matumba a eni ake. Kumbali ankati ndimapana.

Tinkakumana Loweruka masana m'kachipinda kakuseri kwa shopu ya Wometa. Munali tebulo lomwe mwendo wake umodzi unali mulu wa njerwa, mipando yometera yotha ntchito, ndi galasi long'aluka lomwe linkandionetsa ndili ndi mphuno ziwiri. Tsitsi la makasitomala linkalowera pansi pa chitseko n'kumatera mu tiyi. Aliyense ankabwera ndi zimene watola mlungu umenewo, zokulunga m'nsanza, n'kuziyala patebulo. Kenako tinkayamba kuzinyoza.

"Ichi mwachitola kugombe kapena kudzala?"

"Ayi, chilekeni. Chikundikumbutsa khutu la malemu apongozi anga."

Mlendo akanati timadana. Pang'ono tinkadanadi, koma kunyozako kunali ndi mutu wake. Amene anayambitsa gululi, malemu Kapitawo, atatopa ndi kuleretsa ndewu anatisiyira malamulo awiri. Loyamba, chigoba sichigulidwa ndipo sichigulitsidwa. Lachiwiri, mnzako akakuika chigoba m'manja pamaso pa mboni, ndi chako, sukana. Koma wokupatsayo amabwera kwanu, n'kutsegula madirowa ako onse, n'kutengamo chinthu chimodzi chilichonse chimene mtima wake wakhumba. Malemuwo ankati lamuloli litiphunzitsa kupatsana. Linatiphunzitsa kuika zinthu patebulo, wofuna kuona azitolera yekha. Panalibenso woyamikira cha mnzake, poti ukayamikira waulula chimene ungatenge. Chimene ukuchifuna kwambiri ndicho unkachinyoza kwambiri.

Ine ndinkanyoza Chamanzere. Chinali chigoba cha Telala, chotuwa, chachitali ngati chala chapakati, chopanda maonekedwe alionse. Koma tengani chigoba cha nkhono, nsonga iloze kumwamba, khomo lake likuyang'aneni. Khomolo likhala kumanja. Tolani mpaka maondo asupuke, zonse kumanja. Cha Telala khomo linali kumanzere. Anachipeza osachifuna, akukodza kuseri kwa mwala, pamalo pomwe ine ndinali nditadutsa m'mawa womwewo. Mulungu amapereka nyama kwa opanda mano.

Telala ankanyoza Chipeso changa. Chipeso ndi chigoba choyera, cha mchira wautali, chokhala ndi minga yowonda ngati singano, yondandalikana kuyambira kumutu mpaka kumchira. Zoterezi nyanja imazilavula zitathyokathyoka, zikuoneka ngati m'kamwa mwa nkhalamba. Changa chinalibe munga wothyoka ngakhale umodzi. Ndinachipeza kutacha chimphepo, chitakodwa mu ukonde wotayidwa, nyama yake ili momwemo ikununkha. Ndinachiika pa una wa nyerere kuseri kwa nyumba, ndikuvundikira beseni, ine n'kukhala pamwamba pa besenilo kuopa agalu ndi ana a eni, mpaka nyerere zinamaliza ntchito. Mkazi wanga anachoka chaka chomwecho. Anthu amati nkhani ziwirizi n'zogwirizana, ine sindiona pogwirizana pake.

Telala akachiona ankati, "Mafupa a nsomba amene mphaka anawakana." Zaka zonsezo sanalumphepo mpata wonena zimenezo. Choncho ndinkadziwa.

Kenako maso a Telala anayamba kuchita nkhungu. Ulusi unkakana kulowa pa singano, ndipo tsiku lina anasokera munthu kolala motembenuza. Mkazi wake anali atamwalira kale. Mwana wake, amene amagwira ntchito kumzinda wakutali kopanda nyanja, anati bambo bwerani tizikhala. Mpongozi anavomera nkhalambayo koma anakana katundu wake.

"Akuti nditenge chigoba chimodzi," Telala anatiuza Loweruka lina, akuwola tsitsi mu tiyi wake. "Akuti nyumba yawo si dzala."

"Mwana wanu anakwatira bwino," ndinatero.

"Nanga zinazo mutani nazo?" anafunsa a Namwino.

"Ndigawa."

Wometa anabisa manja m'khwapa.

Sizinamuthandize. Mlungu womwewo Telala anamupeza akutambasula manja kuti alandire thaulo, n'kumusanjika katoni yonse ya zigoba, makasitomala akuona. A Namwino, amene ndi woweruza wathu, anagamula kuti katoni ndi mphatso imodzi. Wometa sanadye tsiku limenelo, akuganiza za chigoba chake chofiira chonga lipenga. Telala anapita kwawo, anatsegula madirowa onse, n'kutenga thonje loyala pansi pa dirowa. Thonje basi. Nawonso a Namwino, Telala anawakola pa sitepe ya basi ndi katoni ina, ndipo kwawo anakatengako bokosi la machesi lopanda kanthu.

Awiriwo anasungunuka mitima. Wometa, munthu woti amakucheka khutu osapepesa, analengeza misozi. A Namwino anati anthu ngati Telala sabadwanso. Ine ndinati msodzi sataya nyambo chifukwa chokonda nsomba.

"Zatha zonse?" ndinamufunsa Telala.

"Chatsala Chamanzere. Ndasungira inu, a Nkhanu."

"Simupita nacho?"

"Kumeneko akachidziwa ndani? Akangoti adala abwera ndi nkhono."

Apo m'pamene ndinaona mbedza yonse. Munthu waloledwa kutenga chigoba chimodzi, wagawa zake zonse, wasiya kumapeto amene ali ndi Chipeso. Sukulu ndinalekera panjira koma samu imeneyo ndinaitha. Ndinalowetsa manja m'thumba, ndipo sindinawatulutsenso.

Si chinthu chapafupi kukhala ndi manja m'thumba. Moni ndinkapereka ndi chigongono. Tiyi kwa Wometa ndinkachita kuweramira ngati ng'ombe padziwe. Ndinafukula magolovesi anga akale apadoko, koma a Namwino anagamula kuti dzanja lovala likadali dzanja, monga momwe Nkhanu wovala jekete akadali Nkhanu. Mlongo wanga, amene ndimakhala naye chimwalirire mwamuna wake wachitatu, anandiyang'ana ndikutsegula chitseko ndi phewa.

"Achimwene, mukuyenda ngati mwaba mazira."

"Ndikuteteza chuma."

"Chuma chake mafupa aja? Mnzanu akupita, mwina simudzaonananso, inu mukumuthawa ngati ali ndi mphere."

"Mphere imapola."

Telala sanatope. Anabwera kunyumba ndi Wometa ngati mboni, akuti akufuna kundiyeza jekete yotsanzikirana, nditambasule mikono. Ndinamuuza kuti ayeze chitseko, ndife ofanana. Tsiku lina anandipeza pamsika, nati ndimugwirire ndodo amange chingwe cha nsapato. Nsapato zake zinali zopanda zingwe. Ankaseka, ine ayi.

Kutatsala pang'ono kuti Telala anyamuke, nyanja inaphwa kwambiri, kuphwa kumene kumavundukula miyala yakutali yomwe masiku onse imakhala pansi pa madzi. Anzanga anati tipite tonse, Telala akatsanzike nyanja. Ndikanakana, koma akanatola pamalo panga.

Tinafika m'mawa dzuwa litakwera. Miyala inali yoterera ndi ndere, ndipo kuyenda pamenepo manja ali m'thumba n'kuyesa Mulungu. Wometa ndi a Namwino anatsalira m'mbuyo akufukula mchenga. Telala anatsogola ndi ndodo yake, akuweramira pathamanda lililonse mphuno kutsala pang'ono kukhudza madzi. Sankaona kanthu. Anatola chitsekerero cha botolo, nachipapasa, nachitaya. Ndinayang'ana kumbali.

Madzi anali atayamba kubwerera pamene ndinamva kuti khuu. Nditacheuka Telala panalibe, panali ndodo yokha. Anali atagwera mumpata wa pakati pa miyala iwiri, madzi akumulekeza m'chifuwa, dzanja limodzi litakakamira m'mphepete mwa mwala, linalo atalikweza m'mwamba litafumbata.

"A Nkhanu, dzanja."

"Tambasulani lanulo kaye."

"Ndikokeni, tikambirana kumtunda."

"Mwafumbata chiyani?"

Funde linabwera n'kumumenya kumaso. Analavula madzi, nakhosomola.

"Gwirani phazi," ndinatero, ndikumupatsa mwendo.

Anagwira ndi dzanja lomwe linali pamwala, nakoka. Nsapato yanga inavuka, nyanja n'kuilandira. Telala anamira mpaka m'khosi. Ndinagwada, ndikumupatsa chigongono, koma sichinafike. Kumbuyo ndinkamva a Namwino akubwera akutukwana miyala, Wometa akuitana dzina la amake. Anali patali. Funde lina linadutsa pamutu pa Telala, chipewa chake chinayandama chokha, ndipo atatulukira ndinaona magazi akutsika pachipumi, dazi lake lili mbuu ngati dzira.

Ndinatulutsa dzanja. Munthu wosoka zovala sakhala wolemera, ndanyamulapo matumba a simenti omuposa. Ndinamukoka mpaka tonse tinagwera pamwala, iye pamwamba panga, akununkha ndere. Atandisiya dzanja, m'chikhatho mwanga munali Chamanzere.

"Ndaona," anatero a Namwino ali wefuwefu.

"Nanenso ndaona," anatero Wometa.

Ulemu unandithera pomwepo. "Galu iwe. Unagwa dala."

"Pamsinkhu wathu munthu sagwa dala, Nkhanu. Amangogwa."

"Nanga chigoba chimatani m'manja mwako?"

"Ndimaopa chinganyowe."

A Namwino anamumanga pachipumi ndi mpango wawo, akunena kuti bala lake n'lenileni, lofunika kusoka. Ndinati munthu wofuna Chipeso angathe kudzing'amba mutu. Anandiyang'ana ngati akusankha pobaya. Ndinabwerera kunyumba phazi limodzi lili pansi.

Mawa lake linali tsiku losankha. Ndinayesa kubisa Chipeso m'chitini cha shuga, koma mlongo wanga anachipeza popanga tiyi n'kuchibwezera m'malo mwake. Anati wakalamba, sangayambe lero kunamiza a Namwino. Mbale wako ndiye amakugulitsa motchipa.

Anafika masana onse atatu, Telala akutsimphina, bandeji kumutu ngati wabwera kunkhondo. Kabati yanga ndinakhoma ndekha ndi matabwa a mabokosi apadoko, m'madirowa ndinayalamo bulangete lakale loduladula. Ili pafupi ndi bedi, pomwe pankakhala mpando wa mkazi wanga. Telala anagwada n'kuyamba kutsegula kuchokera pamwamba. Ankaweramira, n'kupapasa ndi nsonga za zala, zala za telala zodziwa nsalu mumdima. Ine ndinaima pakhomo. Mlongo wanga anabwera ndi tiyi, akumwetulira ngati pali ukwati.

Anafika pa dirowa ya Chipeso. Anayendetsa chikhadabo pa minga pang'onopang'ono, ndipo mingayo inalira kuti tiki tiki tiki ngati wotchi. Ndinatseka maso kudikira mafupa a nsomba ndi mphaka wake.

"N'chabwino ndithu," anatero, n'kutseka dirowa.

Ananena mmene timauzira mwana akatola mwala n'kumati wapeza chigoba. Kenako anatsegula dirowa yapansi penipeni, momwe ndimasungamo misomali yopindika ndi zidutswa za makandulo, n'kutulutsa chigoba chakuda, chobenthuka, chimene ndimapalira matope ku nsapato.

"Ndatenga ichi."

"Mwaona?" anatero Wometa kwa ine. "Mwaona munthu amene mumamuthawayo?"

Ndinayenera kukondwa. Chamanzere chinali changa, Chipeso chinali changa, ndinali nditapambana onse amoyo ndi akufa. Koma sindinakondwe.

"Chipeso chalakwa chiyani?"

"Palibe."

"Nanga osachinyoza bwanji?"

"Ndichinyozerenji? Ndanena kuti n'chabwino."

"Zaka zonsezi umati mafupa a nsomba."

"Ndinali ndi maso nthawi imeneyo." Anadzuka akugwira kabati, n'kuika chopalira nsapato changa m'thumba la jekete. "Tsopano ndimaona ndi zala. Zala sizinama. Pali munga wina chakumchira ukumveka ngati womata."

"Womata?"

"Ndi guluu. Si mlandu, ambiri amatero. Ndipo mwamata mwaluso."

Ndatukwanidwapo ndi akapitawo, ndi apolisi, ndi mkazi wanga pamaso pa abale ake. Palibe anandinenapo kuti ndimamata zigoba. Ndinakankha Wometa, ndinatsegula dirowa, ndinanyamula Chipeso, ndinagwira dzanja la Telala n'kulitembenuza.

"Gwira. Papasa bwino, wakhungu iwe. Undionetse guluu wakoyo ali pati."

Chipeso chinakhala m'chikhatho mwake. A Namwino anakhosomola.

"Ndaona," anatero.

"Nanenso," anatero Wometa chapansipansi.

Mlongo wanga mpaka lero amati ndinachita dala, akuti munthu amene wakhala milungu manja ali m'thumba sangaiwale lamulo. Mlongo wanga anakwatiwa katatu, maganizo ake musamawatengere.

Telala anangoima, Chipeso chili m'manja. Anachikweza pafupi ndi nkhope mpaka munga wina unamukhudza mphuno.

"Nkhanu, sindimatanthauza zimenezo. Landira, ndikubwezere."

Anatambasula dzanja kwa ine. Ndinabweza manja anga m'thumba.

"Mphatso sakana," anatero a Namwino. "Tsopano ndi nthawi ya a Nkhanu. Akasankhe kwa a Telala."

Telala anaseka. Anati kabati yake anapereka kale kwa mnyamata amene anatenga makina osokera, dirowa yomwe watsala nayo ndi thumba la jekete. Anakhuthulira pabedi langa: thonje la Wometa, bokosi la machesi la a Namwino, ndi chopalira nsapato changa. Kenako anaika Chipeso pambali pa zinthuzo, mosamala ngati akugoneka khanda.

Wometa anakanda dazi. "Komatu lamulo likuti chilichonse. Malemu sananene kuti chimene wapereka sungachitengenso."

A Namwino anaganiza, navomera kuti n'zoona, malemu sananene.

Ndiye Chipeso chinali pamenepo, pabulangete langa, m'nyumba mwanga, ndipo woweruza anali atandilola. Ndinachiyang'ana. Ndinayang'ana Telala, bandeji yake itayamba kufiira, maso ake akuyang'ana pakhoma pomwe ankaganiza kuti ndaima. Ndinaganiza za mzinda wopanda nyanja uja, kachipinda ka kwa mpongozi, munthu atakhala pabedi tsiku lonse zala zilibe chopapasa. Ndinaganizanso kuti mwina zimenezi n'zomwe ankafuna kuti ndiganize.

Ndinatola chopalira nsapato.

"Ichi n'changa. Nsapato ndizipalira chiyani?"

"Nsapato yake imodziyo?" anatero mlongo wanga.

Telala anayamba kukulunga Chipeso m'thonje, koma ankakulunga ngati akumanga nyama yapamsika, ndipo ndinamulanda asanathyole kanthu. Ndinapita nacho patebulo, ndinalowetsa thonje pakati pa munga uliwonse ndi kamtengo ka machesi, ndinakhuthula shuga wa mlongo wanga m'mbale, n'kuchigoneka m'chitinimo. Chitinicho ndinachiika patebulo, azitolera yekha. Kawiri sindipusa.

Anachitola, nachigwedeza pang'ono pafupi ndi khutu kuti amve ngati chikugunda. Sichinagunde.

"Mafupa a nsomba," anatero. "Ngakhale mphaka wa mpongozi akawakana."

"Tuluka m'nyumba mwanga."

Kokwerera basi sindinapite, ndinalibe nsapato. Masiku ano Telala amaimba pafoni ya mwana wake nthawi zina, amafunsa ngati nyanja yaphwa, ngati Wometa wadula khutu la munthu. Ndimamufunsa za minga, amati ilipo yonse, zidzukulu salola kuti zikhudze. Sindimukhulupirira. Ndimamufunsanso ngati anagwa dala, amati foni ikuduka.

Chamanzere chili mu dirowa momwe munkakhala Chipeso, ndipo malo ndi aakulu kwa icho. Ndinapita nacho kwa Wometa Loweruka lina, ndikuchiyang'ana pa galasi long'aluka lija. Pagalasi khomo lake lili kumanja, ngati nkhono ina iliyonse. Wometa anachizungulira patebulo, nati chikufanana ndi chala cha munthu womira. Loweruka lotsatira anati chikufanana ndi chimene galu amasiya pakhomo. A Namwino nawonso ayamba, akuti anaonapo zotere zikuchotsedwa m'mimba mwa odwala.

Ndagula nsapato zina, zolowetsa, zosafuna kumanga zingwe. Tiyi ndayambanso kumwa choweramira.